Kalukidwe ka Chopachikira Mphika wa Maluwa ndi Mfundo za Macramé

Macramé ndi luso loluka ndi mfundo zokhazokha. Safuna singano, koloshe kapena makina. Zida zake ndi chingwe ndi zala zanu basi. Amalinyero akale ankadzitangwanitsa nalo pa maulendo ataliatali a panyanja, ndipo m'zaka za m'ma 1970 linafala kwambiri ku America ndi ku Ulaya, moti miphika ya maluwa yolendewera pazingwe inali paliponse. Munthu amene amaluka tsitsi, kapena amene anakhalapo pambali pa msodzi akusoka ukonde, manja ake sachedwa kuzolowera.

Chopachikira chimene tifotokoze pano chimatalika pafupifupi mita imodzi, kuyambira pa ling'i mpaka kunsonga za mphonje, ndipo chimakwana mphika wotambalala masentimita 15 mpaka 18 kukamwa. Chili ndi nthambi zinayi ndi mitundu itatu yokha ya mfundo. Mfundozo n'zosavuta. Chimene chimagonjetsa ambiri ndi muyezo: nthambi imodzi ikangotalika ndi sentimita imodzi kuposa zinzake, mphika umapendekeka, madzi n'kumathamangira mbali imodzi. Choncho mphika umene mudzapachikewo ukhale pambali panu kuyambira poyamba, pamodzi ndi tepi yoyezera.

Chingwe

Chabwino kuphunzirira ndi cha thonje, chonenepa mamilimita 4, chopotedwa patatu. Chimagwira mfundo osaterereka, sichipweteka zala, ndipo mukalakwitsa chimamasuka osawonongeka. Chilipo china cha thonje lomwelo chopotedwa kamodzi kokha. N'chofewa ndipo mphonje zake zimapeseka bwino, koma mukamasula mfundo kawiri katatu chimayamba kunyenyeka, ndiye chidikire kaye mpaka manja atakhwima.

Khonje ndi wolimba komanso wosavuta kupeza, ndipo amaoneka bwino ndi mphika wadothi, koma amakanda. Mukaluka ola limodzi zala zimafiira, tsono kulungani selotepi pachala chamkombaphala ndi chachikulu, kapena muwaze timadzi pang'ono pachingwecho kuti chifewe. Twaini wa jute, wonga amene alimi a fodya amagwiritsa ntchito, nthawi zambiri amakhala wopyapyala. Muphatikize pawiri ngati mphika uli wolemera. Nayiloni saola ndi madzi, koma amaterera, moti mfundo iliyonse imafuna kukokedwa mwamphamvu. Nsalu ya masikipa akale yodulidwa mizeremizere imalukika ndithu, vuto lake imatamuka: chimene munaluka cha mita imodzi, mukaikamo mphika chimafika m'mawondo. Isungireni miphika ing'onoing'ono yapulasitiki.

Dulani motere:

zingwe 4 za mamita 5 chilichonse
zingwe 4 za mamita 3 chilichonse
tizingwe 2 ta mita imodzi, tomangira pamwamba ndi pansi

Zonse pamodzi ndi mamita 34. Kusiyana kwa utaliku kuli ndi chifukwa. Pa nthambi iliyonse, zingwe ziwiri zapakati zimangotsika chowongoka, pamene ziwiri za m'mbali ndizo zimazungulira ndi kumanga mfundo. Za m'mbalizo zimadya utali wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa mbali imene mwaluka: kuluka masentimita 10 kumameza masentimita 40 mpaka 50 a chingwe chilichonse cha m'mbali. Ngati chingwe chanu ndi cha mamilimita 5 kapena 6, onjezani mita imodzi pa zazitalizo, chifukwa chonenepa chimatha msanga. Chotsala mudzadula, koma choperewera kuchilumikiza pakati pa ntchito ndi chintchito, ndipo chilema chake chimaoneka.

Mufunikanso ling'i yachitsulo kapena yamtengo yotambalala masentimita 5, sizasi yakuthwa, selotepi, ndi mikanda 4 ikuluikulu ngati mukuifuna. Ling'i yachitsulo ikhale yowotcherera polumikiza. Ija yongopinda imakanuka pang'onopang'ono ndi kulemera. Yamtengo muiyang'ane ngati ilibe mng'alu. Bowo la mkanda likhale la mamilimita 8 mpaka 10 kuti zingwe ziwiri zilowe pamodzi. Tizidutswa ta nsungwi yopyapyala, todulidwa masentimita 3 ndi kupalidwa m'mphepete, timagwira ntchito yomweyo.

Mukangodula, kulungani selotepi kunsonga iliyonse. Chingwe chopotedwa patatu chimapotoloka chokha mukamachikoka m'mfundo, ndipo pofika pakati pa ntchito mumapeza theka la mita lasanduka ulusi. Nayiloni mungopsereza nsonga zake pa kandulo.

Kuyamba pa ling'i

Pachikani ling'i pamsomali kapena pambedza yolimba, molingana ndi mutu wanu mutakhala pansi kapena mutaimirira, momwe mungakondere. Kulukira patebulo kapena pamiyendo kumanamiza, chifukwa zingwe zikagona simungaone ngati nthambi zikufanana.

Pisani zingwe zonse 8 mu ling'i mpaka chilichonse chipindike pakati penipeni. Yang'anani nsonga: zazitali zonse zithere pamodzi, zazifupi chimodzimodzi. Tsopano muli ndi zingwe 16 zolendewera, 8 zazitali ndi 8 zazifupi. Musanamange kanthu, zigaweni m'magulu anayi, gulu lililonse lili ndi zazitali ziwiri ndi zazifupi ziwiri, ndipo mumange gulu lililonse mongokoleka ndi kansalu chapansi. Mukachita zimenezi mutamanga kale pamwamba, zingwe zimatuluka mopingasana ndipo khosi la chopachikira limaoneka losokonekera.

Ngati mulibe ling'i, ipangeni ndi zingwe zomwezo. Ziyaleni zonse 8 pamodzi, pezani pakati, ndipo ndi chingwe china cha mamita 2 mukute masentimita 12 a pakatipo ndi mfundo zafulati zimene tifotokoze pansipa. Pindani mbali yokutidwayo ngati chigwiriro cha dengu, n'kupitiriza monga mmene zikanakhalira ndi ling'i.

Mfundo yokulunga

Iyi ndi imene imasonkhanitsa zingwe zonse pansi pa ling'i, ndipo mudzaimanganso pansi pa mphika. Pa Chingerezi amati gathering knot.

Tengani kachingwe ka mita imodzi. Gonekani nsonga yake imodzi pamtolo wa zingwe, italoza kumwamba, yotsala masentimita 5 pamwamba pa pomwe mukufuna mfundo iyambire. Tsitsani kachingweko masentimita 7, n'kukabwezanso m'mwamba, kuti pakhale kagoba kooneka ngati chilembo cha U kogona pamtolopo. Gwirani ndi chala chachikulu. Ndi mbali yaitali yotsalayo, yambani kukulunga mtolo wonse pamodzi ndi kagobako, kuchokera pamwamba kutsika pansi, mzere uliwonse ukugundana ndi unzake popanda kukwerana. Kulungani ka 8 mpaka ka 10, mokoka ndithu. Mukatsala ndi kamaso kakang'ono ka goba pansi, pisanimo nsonga imene mumakulungira ija. Kenako kokani nsonga yapamwamba. Goba lidzakwera, n'kukokera nsonga inayo mkati mwa zokulungazo.

Apa m'pofunika kudekha. Lekani kukoka goba likafika pakatikati. Mudzalimva ndi chala ngati kachotupa kakuyenda mkati. Mukapitiriza, limatulukira pamwamba ndipo zonse zimasomphoka nthawi imodzi. Likakana kulowa ndiye kuti mwathinitsa mopitirira mizere yapansi. Kokani ndi pulayala, osagwedeza. Mukatha, kokani nsonga zonse ziwiri nthawi imodzi kuti zilumane, dulani pafupi, ndipo timitu totsala mutikankhire mkati ndi nsonga ya sizasi.

Mfundo yopotana

Tengani gulu limodzi, magulu enawo muwaponyere kumbuyo. Yalani zingwe zinayi motere: chachitali kumanzere, zazifupi ziwiri pakati, chachitali kumanja. Zazitalizo zikamakukolani m'miyendo, zipindeni timitolo n'kumanga ndi kalabala, muzimasula pang'onopang'ono.

Tengani chakumanzere, chidutsitseni pamwamba pa zapakati ziwiri kupita kumanja, kusiya goba kumanzere. Maonekedwe ake akhala ngati nambala 4. Tengani chakumanja, chidutse pamwamba pa mchira wa chinzakecho, chilowe kuseri kwa zapakati, n'kutulukira m'goba lakumanzere kuchokera kumbuyo. Gwirani zapakati kuti ziwongoke, kokani za m'mbali mofanana, mfundo ikwere mpaka pamwamba. Imeneyi ndi theka la mfundo yafulati.

Bwerezani zomwezo, nthawi zonse kuyambira kumanzere. Pofika mfundo yachinayi kapena yachisanu, nthambi idzayamba kudzipota yokha ngati mpesa wokwera pamtengo. Musalimbane nayo. Ikatembenuka moti mbali yafulati yaloza cham'mbali, itembenuzeni ipitirire mbali imene ikufuna, ndipo chingwe chimene chagwera kumanzere ndicho muyambire. Amene amaibweza kuti izioneka yowongoka amapeza mapotedwe ake ali osagwirizana, pena othina pena otayana.

Lukani masentimita 15, zomwe pa chingwe cha mamilimita 4 zimakhala mfundo pafupifupi 24. Werengani, lembani nambalayo papepala, ndipo nthambi zina zitatu zikhale ndi nambala yomweyo. Koma kuwerenga pakokha sikokwanira. Dzanja limathinitsa kwambiri poyamba ntchito, likatopa limalekerera, kotero mfundo 24 za nthambi yachinayi zikhoza kutalika kuposa za yoyamba. Mukatha zonse zinayi, ziikeni pamodzi muone pothera. Yotsalira muionjezere mfundo imodzi kapena ziwiri. Palibe amene adzawerenge, koma kupendekeka aliyense adzakuona. Nthambi zonse muyambire mbali imodzi, apo ayi zina zidzapotera kumanja zina kumanzere.

Ngati pali mikanda, ino ndiyo nthawi yake. Pisani zapakati ziwiri zokha, kankhirani mkanda m'mwamba mpaka ugunde mfundo yomaliza, za m'mbali zidutse kunja kwake. Nsonga zikakana kulowa, zikulungeni pamodzi ndi selotepi mosongoka ngati pensulo.

Mfundo yafulati

Amati square knot, ndipo ndiyo msana wa macramé yense. Theka lake mwalidziwa kale. Mangani theka loyamba kuyambira kumanzere monga poyamba paja. Theka lachiwiri liyambire kumanja: chakumanja chidutse pamwamba pa zapakati kupita kumanzere, chakumanzere chidutse pamwamba pa mchira wake, kuseri kwa zapakati, n'kutulukira m'goba lakumanja. Kokani. Magawo awiriwa ndiwo mfundo imodzi.

Cholakwika chofala ndi kuiwala mbali imene munayambira. Mukayambira mbali imodzi kawiri motsatizana, nthambi imakhota pamenepo ndipo sizibisika. Pali njira ziwiri zodzithandizira. Yoyamba, dziwani kuti pa mfundo yafulati chingwe chimodzi chomwecho ndicho chimadutsa kutsogolo nthawi zonse, kaya chili kumanzere kaya kumanja; chimangeni kaulusi kofiira kunsonga, ndipo nthawi iliyonse muziyamba ndi cha ulusicho. Yachiwiri, yang'anani mfundo imene mwangomanga: mbali imodzi kutsogolo kuli kanthiti koimirira. Kumene kuli kanthitiko ndiko muyambire.

Mangani mfundo zafulati 8 pansi pa mkanda, pafupifupi masentimita 10. Pokoka, zapakati zikhale zowongoka. Zikalekereredwa zimakwinyika mkati mwa mfundo, nthambi n'kufupika, ndipo tsiku loikamo mphika zimawongoka mosiyanasiyana. Ena amaponda zapakatizo ndi phazi kapena kuzipana ndi mawondo. Musathinitse mpaka mfundo kuuma ngati mwala. Ikhale yolimba koma yooneka mizere yake.

Chitani chimodzimodzi nthambi zonse, n'kuyezanso. Kuchokera pansi pa mfundo yokulunga kufika pothera mfundo zafulati pakhale masentimita pafupifupi 28 pa nthambi iliyonse, kapena 25 ngati simunaike mikanda.

Ukonde wogwira mphika

Pano ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuwonongekera, choncho musathamange.

Choyamba, konzani nthambi zinayi kuti zilendewere mozungulira, iliyonse ili ndi mnzake kumanja ndi kumanzere, popanda yodutsa pamwamba pa inzake. Zipatseni manambala 1, 2, 3 ndi 4 ndi tizidutswa ta selotepi. Kuchokera pa mfundo yafulati yomaliza, yezani masentimita 20 kutsika, ndipo muike chizindikiro cha choko kapena pensulo pa zingwe zonse 16. Mpata wopanda mfundowu ndi umene mphika umalowera komanso m'mene masamba amatulukira. Mukauchepetsa, mphika sudzalowa popanda kuthyola duwa.

Tengani zingwe ziwiri zakumanja za nthambi 1 ndi ziwiri zakumanzere za nthambi 2. Pachizindikiro paja mangani mfundo zafulati ziwiri. Mudzaona kuti tsopano zazifupi zija ndizo zagwera m'mbali ndipo zikumanga, pamene zazitali zapuma pakati. Zili bwino choncho. N'chifukwa chake tinazipatsa mamita 3 m'malo mwa 2. Lumikizani 2 ndi 3, kenako 3 ndi 4. Yomaliza, 4 ndi 1, ndiyo imasokoneza: tembenuzani ntchito yonse kuti mbali yakumbuyo ibwere kutsogolo, ndipo mulumikize zingwe zinayi zotsalazo mosadutsa pakati pa zinzake. Mukatha, pisani dzanja kuchokera pansi. Liyenera kudutsa ngati m'dzanja la malaya. Likakodwa, ndiye kuti chingwe china chapingasa pakati. Masulani mfundo imeneyo pompo, chifukwa mphika sudzakhazikika.

Mfundo yoyandama pamalo opanda chotchinga pamwamba imakonda kukwera mukamakoka. Tsinani zapakati ndi zala pachizindikiro pomanga theka loyamba, ndipo theka lachiwiri ndilo lidzaikhoma. Kadutswa ka katoni kodulidwa utali umene mukufuna, koikidwa pakati pa mizere, kamathandiza kuti mipata ifanane kuposa kuyeza ndi maso.

Mzere wachiwiri ukhale masentimita 8 pansi pa woyamba. Gawaninso chimodzimodzi: ziwiri za mfundo iyi ndi ziwiri za yoyandikana nayo, mfundo zafulati ziwiri, kuzungulira mpaka zikwane zinayi. Tsopano pali maso a ukonde.

Musamange pansi musanayese. Sonkhanitsani zingwe zonse m'dzanja masentimita 10 pansi pa mzere wachiwiri, mangani mongogwirizira ndi kachingwe, ndipo lowetsani mphika wopanda dothi. Mzere woyamba wa mfundo ugwere masentimita 2 kapena 3 pansi pa mlomo wa mphika, wachiwiri chakumunsi kwa mimba yake, ndipo posonkhanira pakhale pakati penipeni pa thako la mphika. Ngati mzere woyamba uli pamwamba pa mlomo, mphika wamira, kwezani posonkhanira. Ngati uli pakati pa mphika, ndiye kuti wakhala pamwamba kwambiri ndipo mphepo kapena mwana akaugunda udzagudubuka; tsitsani posonkhanira, kapena onjezani mpata wa pakati pa mizere. Maso a ukonde akakula moti thako la mphika likhoza kutulukira pamenepo, fupikitsani mpatawo kapena onjezani mzere wachitatu. Mphika wozungulira ngati nkhali umakhazikika mosavuta. Wowongoka ngati chitini umafuna ukonde wozama.

Zikakhala bwino, chotsani mphika, kokani chingwe chilichonse pachokhapachokha kuti pasakhale cholekerera, ndipo mangani mfundo yokulunga ndi kachingwe kachiwiri. Iyi ndiyo imasenza katundu yense, tsono ikulungeni ka 10 mothinitsa kuposa yapamwamba. Pa nayiloni, yambani mwamanga mtolo wonse mfundo wamba imodzi, chifukwa zingwe zoterera zimatha kusolokamo chimodzichimodzi.

Dulani mphonje masentimita 20 pansi pa mfundoyo. Mukhoza kuzisiya zopota, kumanga kamfundo kunsonga iliyonse, kapena kuzipotolola ndi kuzipesa ndi chipeso kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba. Mukapesa, dulaninso kuti zilingane, popeza ulusi wopotoloka umatalika mosiyana.

Kupachika

Mphika wadothi wa kukula uku, wodzaza dothi lonyowa, umafika makilogalamu 3 kapena kuposa. Siling'i bodi singanyamule zimenezo. Mbedza ilowe m'thabwa la denga lenilenilo, ndipo thabwalo muligogode kaye ngati silinadyedwe ndi chiswe. Mbedza yopota ngati sikuluwu ndiyo yodalirika. Msomali wokhomedwa choloza m'mwamba umasoloka ndi kulemera. Pakhoma la njerwa boolani, ikani pulagi, ndipo chitsulo chopachikapo chituluke masentimita 20 kapena kuposa kuti mphika usamagunde khoma. Musanaike duwa, pachikani kachigubu ka malita 5 kodzaza madzi usiku umodzi. Ndi makilogalamu 5 amenewo. Mbedza ikapirira, mphika sudzaivuta, komanso mukachiika m'chopachikiramo zingwe zimatamukiratu, n'kuonetsa ngati pali nthambi yofuna kukonza.

Zikapezeka kuti mphika wapendekeka pang'ono, musamasule zonse. Nthawi zambiri kungousuntha m'ukondemo kumakwanira. Zikakanika, masulani mfundo yokulunga yapansi yokha, kokerani pansi zingwe za mbali yotsikayo, n'kumanganso.

Maluwa oyenera ndi amene amagwa cham'mbali: spider plant, pothos amene ambiri amati money plant, ndi mitundu ya fern. Pothos akhale potalikira ana ndi amphaka, chifukwa masamba ake amawotcha m'kamwa akatafunidwa.

Mdani wa thonje ndi khonje ndi chinyezi. Madzi otuluka pabowo la mphika amatsikira pa mfundo yapansi ija, imene imachedwa kuuma chifukwa cha kuthina. Imayamba kuda, kenako chuku, kenako kuola, ndipo imadukira mkati pomwe kunja ikuoneka yabwinobwino. Pothirira, tulutsani mphika, udonthe kaye, n'kuubwezera. Ngati mwaika kambale pansi pake, tayani madzi otsalamo tsiku lomwelo, popeza udzudzu umaswana m'madzi ochepa ngati amenewo. Pakhonde pofika mvula yamphepo gwiritsani nayiloni, koma naye dzuwa la tsiku ndi tsiku limamufoola. Mukaona akutuwa ndi kutulutsa fumbi pomukanda ndi chikhadabo, nthawi yosintha yakwana. Ling'i yachitsulo imachita dzimbiri nyengo ya dzinja n'kuthimbiriritsa chingwe choyera, choncho ipakeni vanishi kapena penti iume musanapisemo zingwe. Cha thonje chikada ndi fumbi, chiviikeni m'madzi ozizira a sopo pang'ono, finyani osapotokola, ndipo muchiyanike pamthunzi chili chopachika, mutaikamo mphika wopanda kanthu kuti ukonde uume uli m'maonekedwe ake.